MKANGANO WA M'CIPINDA CA MAKOMPYUTA

Anzanga amene timagona nao m'hositelo akukumbukira phokoso limene linali kumveka usiku uli wonse teremu yatha, nyali zitazimitsidwa kale. Ena ankayesa kuti tiri kulimbana za mpira, ena ankati ndi za nyemba za ku dayiningi. Iai, mkangano wathu unali wa makompyuta. Tsono popeza Akonzi a magazini ino apempha Kalabu yathu ya Makompyuta kuti ipereke phunziro limodzi, ndaganiza zofotokoza mlandu wonse monga unayendera, ngakhale mbali ina ya nkhaniyi iri yocititsa manyazi ine mwini.

CIYAMBI CA MLANDU

M'cipinda cathu ca makompyuta muli makina amene sukulu inalandira ngati mphatso ife tisanabwere. Onse ali ndi Windows 10, imene kampani ya Microsoft inatulutsa m'caka ca 2015. Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyi inaleka kuisamala monga kale. Zigamba zimene inkatumiza mwezi ndi mwezi, zotseka mipata yolowera mbala ndi mavayirasi, sizifikanso kwa onse, koma kwa okhawo amene alowa m'pangano lapadera la kanthawi. Windows 11, ya caka ca 2021, imafuna processor yatsopanoko ndi kacipangizo ka citetezo kamene amati TPM 2.0, ndipo makina athu alibe zimenezi.

Aphunzitsi Aakulu anafunsa aphunzitsi athu a makompyuta kuti awalangize cocita, pakuti ndalama zogulira makina atsopano palibe. Aphunzitsi athu sanayankhe okha, koma anabwera nalo funsolo ku Kalabu nati, "Anyamata ndi atsikana, makinawa mumagwiritsa nchito ndinu. Ndikupatsani masabata atatu kuti mundibweretsere yankho, koma likhale yankho la umboni."

Pomwepo Kalabu inagawika pawiri. Ine ndinatsogolera amene ankati ticotse Windows tiike Linux. Ndinali nditawerenga kuti Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Kuti ndi yaulere. Kuti mafoni onse a Android ali ndi Linux m'kati mwake. Ndiponso kuti kuyambira mu Novembala 2017 makompyuta 500 amphamvu koposa pa dziko lonse anapezeka onse akuyendera Linux. Cimene cinandikoka mtima kwambiri ndi mtundu wina wa Linux, dzina lake Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinali ndi la Cizulu ndi Cixhosa, ndipo ndi mau omwewo amene ife timati umunthu. Koma ndibvomere pano kuti ndinali ndisanaigwirepo Linux ndi manja anga ngakhale tsiku limodzi.

Mbali inayo inatsogozedwa ndi acimwene ena a Fomu 4, mtsogoleri wa hositelo yathu. Iwo ankati, "M'kalasi timaphunzira ndi Word ndi Excel, ndipo m'maofesi ambiri mukazipeza zomwezo. Nchito yathu yokonzekera mayeso iri m'makina momwemo. Kodi mufuna kutisokoneza pamene mayeso ali pafupi?" Ine ndinkayankha kuti Windows ndi yolemera, iwo nati Linux ndi yobvuta, ndipo tinatha sabata yathunthu tikungobwereza mau omwewo.

OPERATING SYSTEM N'CIANI?

Laciwiri la sabata yaciwiri aphunzitsi anatifunsa funso limene linatitseka pakamwa tonse. Anati, "Mukuti ina ndi yofulumira kuposa inzake. Nanga nchito yake yeni-yeni ya operating system n'ciani?" Palibe anayankha. Tsono ndilembe pano monga anatifotokozera, pakuti wosamva mbali iyi sangamve zotsatirazo.

Kompyuta iri ngati pakhomo pamene pali kusinjidwa cimanga. Hard disk ndiyo nkhokwe, mosungira zonse, ndipo zimakhalamo ngakhale makina azimitsidwe. RAM ndilo licero, moika cimanga cokhaco cimene ciri kugwiridwa nchito nthawi yomweyo. Processor ndiwo mtondo ndi munsi. Operating system ndi mai wa pakhomopo, amene amalamula kuti cotani cituluke m'nkhokwe, cikhale pati m'licero, ndipo ndani asinje poyamba. Mapulogalamu ena onse, monga Word kapena browser, ali ngati ana opempha kwa mai, ndipo palibe mmodzi amaloledwa kukwera yekha m'nkhokwe. Windows, Linux, macOS ndi Android onsewa ndi amai a makomo osiyana, koma nchito yao ndi imodzi.

Pali zinthu ziwiri zofunika kukumbukira za licero limeneli. Coyamba, magetsi akathima zonse za mu RAM zimatayika; ndico cifukwa cake munthu wosasunga nchito yake amalira magetsi akapita. Caciwiri, licero ndi laling'ono. Makina athu ali ndi RAM ya 4 GB basi. Likadzaza, operating system imayamba kubweza zina ku hard disk kuti ipeze malo, ndipo zikafunikanso imakazitenga. Mu Windows malo obwezerawo amati page file, mu Linux amati swap. Hard disk ya makedzana iri ndi mbale zozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kadzanja koyenda-yenda kufuna pamene pali cinthuco. Kupeza cinthu mu RAM kumafulumira kuposa pamenepa nthawi zikwi zambiri. Cotero kompyuta imene RAM yake yadzaza iri ngati mai amene akungokwera ndi kutsika pa nkhokwe, mtondo uli cikhalire.

MLENDO M'NYUMBA

Titamva izi ine ndinapempha kuti andilole ndifafanize makina amodzi ndiikemo Linux, anthu aone okha. Aphunzitsi anakana, pakuti makina onse anali ndi nchito za a Fomu 4. Anati, "Iwe, munthu sapasula nyumba ya eni kuti ayese njerwa zake. Pali njira ina, dzina lake virtual machine."

Virtual machine ndi kompyuta yongoyerekeza, yokhala m'kati mwa kompyuta yeni-yeni. Pulogalamu ina, imene amati hypervisor, imapatula gawo la RAM, gawo la mphamvu ya processor ndi fayilo imodzi yaikulu pa hard disk, niipereka kwa operating system yaciwiri. Yaciwiriyo imayesa kuti yapeza makina ake-ake, osadziwa kuti hard disk yake yonse ndi fayilo cabe. Akatswiri amati host ndi guest, ndiko kunena mwini nyumba ndi mlendo. Mlendo wapatsidwa cipinda, ndipo akathyola mpando wa m'cipinda cakeco, nyumba yonse iri bwino-bwino.

Ine ndinkayesa kuti nzeru imeneyi ndi ya dzana, koma ndi yakale kuposa atate wanga. Kampani ya IBM inaiyamba m'zaka za m'ma 1960 ku Cambridge, m'dera la Massachusetts ku America, pamene kompyuta imodzi inkadzaza cipinda ndipo mtengo wake unali woopsya. Anafuna kuti anthu ambiri agwiritse nchito makina amodzi, yense ngati ali ndi ake, ndipo mu 1972 anayamba kugulitsa makina awo pamodzi ndi VM/370. Ku makompyuta a patebulo nzeruyi inafika mu 1999 ndi kampani ya VMware. Mu 2005 Intel inaika mu processor zake mphamvu yothandiza nchitoyi, dzina lake VT-x, ndipo AMD inatsatira mu 2006 ndi AMD-V. Linux iri ndi hypervisor yake-yake, KVM, kuyambira 2007, ndipo Microsoft inatulutsa Hyper-V mu 2008. Lero makampani monga Amazon ndi Google amagawa makina ao akulu-akulu m'zipinda zotere ndi kubwereketsa kwa anthu a maiko onse, ndipo masamba ambiri amene timawerenga pa intaneti amakhala m'menemo.

Ubwino wina ndi wakuti ukhoza kujambula mkhalidwe wonse wa mlendo, cimene amati snapshot, usanayambe kuyesa cinthu coopsya. Zikaonongeka umangobwerera pa cithunzico. Ukatopa naye, umafafaniza fayilo ija ndipo watha. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo pa nkhani iyi ananenadi zoona.

MANYAZI ANGA

Loweruka masana Kalabu yonse inasonkhana kudzaona. Ndinaika VirtualBox, pulogalamu yaulere ya kampani ya Oracle, pa makina a pakona, ndipo ndinasankha Xubuntu, mng'ono wake wa Ubuntu wopepukirako. Nditadina batani loyambitsa, panatuluka kabokosi ka mau a Cingerezi, ndipo mlendo anakana kudzuka. Ndinatseka kabokosiko ndi kuyesanso, kawiri, katatu, thukuta liri kamu-kamu. Pamenepo mtsikana wina wa Fomu 2, amene salankhula-lankhula mu Kalabu, anati, "Acimwene, tadikirani tiwerenge zimene akunenazo." Anawerenga pang'ono-pang'ono, ndipo mauwo ankati VT-x ndi yotseka mu BIOS. BIOS ndi kapulogalamu kokhala m'makina momwemo, kamene kamayamba kugwira nchito operating system isanadzuke, ndipo makina ambiri amabwera VT-x iri yotseka m'menemo. Aphunzitsi anatilola kulowamo, tinaitsegula, ndipo mlendo anadzuka. Kompyuta inali itandiuza bvuto lake katatu konse, ine osawerenga.

Kulakwa kwaciwiri kunali kwakukulu. VirtualBox imafunsa kuti mlendo apatsidwe RAM yocuruka bwanji. Pofuna kuti Linux wanga aoneke wamphamvu, ndinampatsa 3 GB mwa 4 GB zija, ndi kuganiza kuti mlendo akadya bwino adzathamanga. Posakhalitsa makina onse anauma. Mausi inkayenda modumpha-dumpha, kanyali ka hard disk kanangoyaka osaphethira, ndipo kutsegula windo limodzi kunkatenga nthawi yoti munthu akamwe madzi ndi kubwerako. Cipinda conse cinafa naco ciseko. Acimwene a Fomu 4 aja anati, "Mphwanga, Linux unkatisowetsa naye tulo uja ndi ameneyu? Ngakhale birimankhwe angathe kumpitirira."

Aphunzitsi anadikira kuti phokoso lithe, nandiuza kuti ndidine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Mabatani amenewa amatsegula Task Manager, imene imaonetsa mmene ziwalo za kompyuta ziri kugwirira nchito. Itatseguka, tinaona kuti RAM iri pafupi kudzaza, hard disk iri pa 100%, koma processor iri kungopuma. Anati, "Taonani nonse. Mnzanuyu wapatsa mlendo ndiwo zonse, mwini nyumba watsala ndi 1 GB, ndipo Windows 10 singakhale bwino m'malo ocepa cotere. Tsono iri kukwera ndi kutsika pa nkhokwe, ndipo mlendo sangayende mwini nyumba ali cikomokere. Inunso amene mukuseka mwalakwa, pakuti munthu sayesedwa liwiro ali pamsana pa mnzake." Nditacepetsa gawo la mlendo kufika pa theka la limene ndinampatsa, ndi kutseka mapulogalamu ena a Windows, onse awiri anayamba kuyenda, ngakhale mosathamanga.

MPIKISANO WACILUNGAMO

Virtual machine inatithandiza kuona nkhope ya Linux ndi kuyesa mapulogalamu ake popanda kuononga kanthu, koma pa za liwiro inali yosayenera. Cotero sabata yacitatu tinatenga ma hard disk awiri a mtundu umodzi m'makina akufa a m'sitolo. M'modzi tinaika Windows 10 yatsopano, mu inayo Xubuntu, ndipo tinkawasinthanitsa m'makina amodzi-modzi omwewo. Nchito iri yonse tinkaiyesa katatu ndi wochi, ndi kulemba m'kope. Wogwira wochi anali mtsikana uja wa Fomu 2, popeza mbali zonse zinamkhulupirira. Tinapeza zinthu zinai.

Coyamba, Xubuntu inkadzuka msanga ndipo inkasiya malo ambiri m'licero ikangokhala osagwira nchito. Pamenepa ndinakondwa.

Caciwiri, titatsegula masamba khumi a intaneti nthawi imodzi, zonse ziwiri zinayamba kutsimphina. Browser imadya RAM yambiri mosasamala kuti mai wa pakhomo ndani.

Cacitatu, Windows yatsopanoyo inali yofulumira kuposa Windows ya m'makina ena a m'cipindamo. Titafufuza tinapeza kuti m'makina enawo muli mapulogalamu ambiri amene anthu anaikamo zaka zapitazo, ndipo onse amadzuka okha makina akayatsidwa. Kulemera kwina kumene ndinkanenera Windows kunali katundu amene ife tomwe tinaisenzetsa.

Cacinai ndico cinathetsa mkangano. Aphunzitsi anatibwereka SSD yao. SSD imagwira nchito ya hard disk, koma ilibe mbale kapena kadzanja. Imasunga zinthu m'tizipangizo ta magetsi monga fulashi. Hard disk ya mbale imawerenga pafupi-fupi 100 kapena 150 MB pa sekondi, pamene SSD wamba imafika pafupi 500 MB, ndipo sitaya nthawi kufuna-funa. Tinaikamo Windows, pambuyo pake Xubuntu, ndipo zonse ziwiri zinasanduka ngati makina atsopano. Kusiyana kwa hard disk ndi SSD kunaposa kutali kusiyana kwa Windows ndi Linux kumene tinatayira tulo.

Tinayesanso kutsegula nchito ya acimwene aja ndi LibreOffice, pulogalamu yaulere imene imagwira nchito ya Word ndi Excel. Inatseguka, mau onse analipo, koma tebulo lina linasendera ndipo mabatani ali m'malo ena. Kwa munthu amene mayeso ali pafupi cimeneci si cinthu caching'ono, ndipo ndinabvomera pamaso pa onse kuti mantha ao anali ndi cifukwa.

Panalinso makina a pafupi ndi zenera amene ankazima okha masana, ndipo tonse tinkati ali ndi vayirasi. Titazula nthambo ya magetsi ndi kuwatsegula, tinapeza fani itatsekeka ndi pfumbi la cirimwe ndi ukonde wa kangaude. Processor ikatentha kwambiri imacepetsa yokha liwiro, ndipo kutentha kukapitirira makina amazima kuti asapsye. Tinapukuta ndi kaburashi kouma, ndipo sanazimenso. Aphunzitsi anatisimbira kuti mu 1947, pa yunivesite ya Harvard, akatswiri anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika m'kompyuta yao ya Mark II, nakamata m'buku lao la nchito. Tizirombo ndi makompyuta anadana kale.

MALANGIZO KWA AMENE KOMPYUTA YABVUTA

Kucokera m'zonsezi Kalabu yalemba malamulo asanu ndi limodzi, ndipo tawamata pa citseko.

1. Werengani mau amene kompyuta yalemba musanatseke kabokosi. Ngati simukumva, alembeni papepala monga alili, mukafunse.

2. Yambani ndi zapafupi. Onani nthambo, soketi ndi batani la magetsi, ndipo zimitsani makina bwino ndi kuyatsanso musanaganize za matenda akulu.

3. Dzifunseni kuti casintha n'ciani kuyambira tsiku limene makina anali bwino. Kawiri-kawiri bvuto limalowa ndi cinthu cimene caikidwa kumene.

4. Makina akamacedwa, yesani musananene. Mu Windows tsegulani Task Manager, mu Linux lembani top kapena free. Onani ciwalo cimene cadzaza, kaya ndi processor, RAM kapena hard disk, pakuti mankhwala ake ndi osiyana.

5. Sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu makina nacira, simudzadziwa cimene cawaciritsa.

6. Musanayese cinthu cacilendo sungani nchito yanu pa fulashi, ndipo ngati kutheka yesani mwa mlendo, osati mwa mwini nyumba. Pogawa RAM musapatse mlendo koposa theka.

YANKHO LATHU

Kalata yopita kwa Aphunzitsi Aakulu tinalemba awiri, ine ndi acimwene aja, pa tebulo limodzi. Tinapempha kuti makina ocepa amene amalumikizidwa ku intaneti aikidwe Linux, popeza iyo ikulandirabe zigamba za citetezo. Kuti otsalawo akhale ndi Windows yao, osalumikizidwa ku intaneti, mpaka a Fomu 4 atalemba mayeso. Kuti fulashi iri yonse iziyamba yapimidwa isanalowe m'makina amenewo. Ndiponso kuti ndalama zikapezeka, ngakhale zocepa, sukulu iyambe kugula ma SSD ndi RAM yoonjezera, pakuti mtengo wa kompyuta imodzi yatsopano ungatsitsimutse makina akale angapo. Aphunzitsi Aakulu anatiyamika, nati nkhaniyi akaitula ku komiti ya sukulu. Pamene ndiri kulemba tikudikirabe yankho lao.

Ine ndikukondabe Linux, ndipo acimwene aja sanasiye Windows yao. Usiku wina timakanganabe, koma tsopano wina akanena kuti cakuti ndi cofulumira, mnzake amangofunsa kuti, "Unayesa ndi wochi iti?" Nzeru-zayekha anabviika nsima m'madzi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kufafaniza nchito ya anzanga cifukwa ca zinthu zimene ndinangowerenga. Amene afuna kuona mlendo wokhala m'kati mwa kompyuta abwere Lacitatu masana, maphunziro atatha. Makina a pakona aja alipo, ndipo kope la mpikisano liri m'kabati ya aphunzitsi kuti ali yense adziwerengere yekha.

Mnyamata wa Fomu 3,
Kalabu ya Makompyuta.